Mwana wa Magalasi Ndi wa Yani?

M'chigwa china cha dziko lino, m'boma lomwe dzina lake silingatithandize kanthu, muli mudzi womwe sudabadwe monga midzi inzake koma udachita kumera m'mbali mwa sikimu ya mpunga. Ngalande zitakumbidwa ndipo minda itagawidwa, anthu adakhamukirako kuchokera kumpoto, pakati ndi kummwera, aliyense ndi khasu lake, mphasa yake ndi malankhulidwe a kwawo. Adakwatirana, adabwerekana mchere, adatukwanizana polimbirana madzi a m'ngalande, adaikirana maliro. Zaka zonsezo anthuwa sankadziwa kuti ndi osiyanasiyana. Adadzazindikira chaka chomwe ahedi a pasukulu yawo ya pulayimale, Bambo Mtambalika, adapita ku wekishopu.

Wekishopuyo idachitikira ku hotela ina ya m'tauni, ndipo nkhani yake idali ya momwe mphunzitsi angalankhulire ndi makolo a zikhalidwe zosiyanasiyana. Ahedi adabwerako atanenepa masaya, atanyamula chipepala chachikulu chokulunga, komanso ali ndi udindo watsopano womwe adadzipatsa okha m'basi pobwerera: Mlangizi Wamkulu wa Ulemu, Miyambo ndi Kumvana kwa Mitundu. Lolemba m'mawa adaitanitsa aphunzitsi onse pansi pa mtengo wa mango, n'kukhoma chipepala chija pathunthu.

"Anzanga, takhala tikulakwa," adatero mwachisoni. "Takhala tikulankhula ndi makolo ngati kuti ndi anthu wamba."

Pakati pa chipepalacho adajambulapo mzere wotsika. Kumanzere adaikako mabanja omwe mwana amakhala wa kuchikazi, ndipo kumeneko nkhani ya mwana inkayenera kupita kwa amalume ake. Kumanja adaikako mabanja a malowolo, omwe mwana amakhala wa kuchimuna, ndipo kumeneko nkhani inkayenera kupita kwa abale a bambo. Lamulo lidali losavuta kumva. Mphunzitsi ankaloledwa kupereka moni kwa kholo lililonse, ngakhale kukamba za mvula, koma za mwana ayi, mpaka mwini wake weniweni atapezeka pa chipepala.

"Nanga amayi ake a mwana ali mbali iti?" adafunsa Mayi Sambakunsi, mphunzitsi wa Sitandade 5.

Ahedi adayang'ana chipepala chawo kuchokera kumwamba mpaka pansi.

"Madamu, amayi si chikhalidwe. Amayi ali paliponse. Ku wekishopu sitidakambeko zimenezo."

Aphunzitsi ena adawomba m'manja ndi mtima wonse, pakuti ambiri mwa iwo adalibe kale chilakolako cholankhula ndi makolo, ndipo tsopano ulesi wawo udapeza dzina laulemu.

Mayi Sambakunsi okha ndiwo sadawombe, chifukwa adali ndi nkhani yowadya mumtima. M'kalasi mwawo, momwe ana ankakhala mothinana pansi ngati matumba m'nkhokwe ya sikimu, mudali mtsikana wina dzina lake Tiyezge Kapalamula. Tiyezge ankabwereza kalasiyo. Ukamufunsa funso pakamwa, ankayankha usanatseke n'komwe pakamwa pako. Ukalemba funso lomwelo pa bolodi, ankatsinzina pang'ono, n'kupendeketsa mutu, kenaka n'kusuzumira m'kope la mnzake. Aphunzitsi am'mbuyomo adamutchula kuti wobera. Mayi Sambakunsi adamusunthira kutsogolo, adamusunthiranso, mpaka mwanayo ankaweruka tsitsi lili mbuu ndi fumbi la choko. Apo m'pamene adazindikira kuti mutu wa mwanayo udalibe vuto. Vuto lidali maso.

Mwayi udalipo. Madokotala a maso ankabwera pachipatala chaching'ono cha m'deralo Lachisanu lomaliza la mweziwo, ndipo ana a sukulu ankawaona mwaulere, bola mwana abwere ndi kholo. Madokotala oterewa akadutsa, sauza munthu kuti adzabweranso liti. Ndipo aliyense ankadziwa zomwe amayi ake a Tiyezge, a Nyaharawa, adanena chaka chatha atatopa: akalepheranso, sukulu aisiye, azikapirikitsa mbalame kumunda wa mpunga. Bambo ake adali ku Joni. A Nyaharawa ankakhala kuseri kwa bwalo la mpira, nyumba yawo inkaoneka pa windo la kalasi.

"Ahedi, mwana uja saona patali," adatero Mayi Sambakunsi mu ofesi. "Ndingodumpha bwaloli ndikawauze amayi ake."

"Kudumpha! Madamu, chikhalidwe sachita kudumpha. Bambo ake ndani?"

"A Kapalamula."

Chala cha Mlangizi Wamkulu chidayenda pa chipepala n'kuima kumanzere.

"Achewa amenewo. Mwana ndi wa kuchikazi. Kapezeni amalume ake."

Amalume ake a Tiyezge, Bambo Yotamu Harawa, adali telala pamsika wina kutsidya kwa mtsinje. Loweruka Mayi Sambakunsi adakwera kabaza, adawoloka pa bwato, adakweranso kabaza, n'kukawapeza akupalasa makina pakhonde la sitolo. Adagwada, adawomba m'manja, adapereka moni wautali monga momwe ahedi adawaphunzitsira, wofunsa za ana, za ziweto ndi za miyendo. A Harawa atamva kuti mlendoyo ndi mphunzitsi, nkhope idasintha, pakuti m'dziko muno mphunzitsi sayendera munthu ndi nkhani yabwino.

"Waswa chiyani mnyamatayo?"

"Ndi mtsikana, bambo. Tiyezge."

"Eya, eya, mtsikanayo. Waswa windo?"

"Sukulu yathu ilibe choswa, bambo. Mwanayu akufunika kupita naye kuchipatala."

Mawu oti chipatala atamveka, makina adaima okha. A Harawa adavula tepi yomwe idali m'khosi, adaipinda bwinobwino, n'kulankhula ndi mawu a munthu wosunga mwambo.

"Mayi, mwavutika, koma mwasochera. Ife kwathu kumpoto malume ndi mlendo. Mlongo wanga tidamupereka, ng'ombe tidalandira. Mwana ndi wa eni ng'ombe. Ine ndikalowerera za maso a mwana wa eni, a Kapalamula andiona ngati ndani? Ulemu, mayi, ulemu."

Adawagulira thobwa, adawaperekeza mpaka padoko, adawathokoza kwambiri chifukwa chokonda ana.

Ahedi atamva lipotilo adakondwa zedi.

"Mwaona? Tikadapalamula! Wekishopu ija yatipulumutsa."

Adafufuta dzina la Tiyezge kumanzere n'kulilemba kumanja, ndipo Loweruka lotsatira Mayi Sambakunsi adalowera njira ina, ya kumapiri, kukasaka abambo aakulu a mwanayo. Bambo Zakeyu Kapalamula, mkulu wawo wa bambo ake a Tiyezge, ankawotcha kanyenya wa mbuzi pamphambano ya msewu waukulu. Adamvetsera nkhani yonse akutembenuza nyama, utsi ukuwalowa aphunzitsi m'maso.

"Ng'ombe?" adaseka a Zakeyu. "Akutcha ng'ombe kachinthu kaja? Kadali kamwana ka ng'ombe kotsokomola, tidangowapatsa kuti asiye kutilondalonda. Kodi chiweto chingasinthe mwambo wa anthu? Kwathu kuno mbumba yanga ndi ana a alongo anga. Ana a mng'ono wanga ali ndi eni ake. Pitani kwa amalume ake."

"Ndachokera komweko, bambo."

"Ndiye zili bwino, njira mukuidziwa kale."

Nkhaniyi itafika kusukulu, Mlangizi Wamkulu adayang'ana chipepala chawo kumanzere ndi kumanja. Kenaka adatenga cholembera n'kulemba dzina la Tiyezge pamzere penipeni, zilembo zikutsika chotsatizana kuti zisagwere mbali ina. Adalengeza kuti sukulu yawo yapeza nkhani yomwe ngakhale ophunzitsa ku wekishopu sadaiganizire, ndipo adakhazikitsa Komiti Yapadera Yofufuza Mwini Mwana, wapampando wake ali iwo omwe. Komitiyo idakumana kangapo, idamwa tiyi wambiri, ndipo idagwirizana mfundo imodzi yolimba: maso a Tiyezge ayambe adikira mpaka zikhalidwe ziwirizo zitamvana.

"Maso sathawa, Madamu," ahedi adawatonthoza. "Ali pankhope pomwepo."

Masiku onsewa Mayi Sambakunsi ankakumana ndi a Nyaharawa pamjigo m'mawa uliwonse. Ankawapatsa moni, n'kuima, pakamwa pali yasa, kenaka n'kunena kuti mitambo ya chaka chino ikuoneka yokayikitsa. Tsiku lotsatira ankanena kuti mitambo yasinthako pang'ono. A Nyaharawa adayamba kuuza anzawo kuti aphunzitsi a Tiyezge ndi munthu wabwino, koma akadakhala bwino ku ofesi ya zanyengo. Kunena zoona, Mayi Sambakunsi zinkawawawa. Ankaopa ahedi, omwe akakwiya ankasamutsira mphunzitsi ku Sitandade 1, komwe ana amalira onse pamodzi. Koma ankadziwanso kuti mwezi ukutha.

Lachinayi, kutatsala tsiku limodzi kuti madokotala abwere, Tiyezge adaitanidwa kuti awerenge chiganizo cha pa bolodi. Padalembedwa kuti alimi akukolola mpunga. Mwanayo adatsinzina, adapendeketsa mutu, n'kuwerenga molimba mtima kuti alimi akukolopa mphuno. Kalasi yonse idagwa ndi phwete. Tiyezge adakhala pansi, adabisa nkhope m'maondo, ndipo mapewa ake ankagwedezeka. Mayi Sambakunsi adaika choko patebulo. Belu lopumira litalira, adatuluka, adadutsa kutsogolo kwa ofesi ya Mlangizi Wamkulu masanasana, n'kudumpha bwalo la mpira.

Adawapeza a Nyaharawa akupeta mpunga.

"Amake Tiyezge, lero sindinabwere ndi za mitambo. Mwana wanu si mbuli. Saona patali. Mawa kuli madokotala a maso, ndipo akufuna abwere ndi kholo."

Lichero lidatera pansi.

"Mayo ine! Ndiye ine kumamukalipira kuti ndi wamwano, sapereka moni kwa akuluakulu pamsewu! Inu mwadziwa liti zimenezi?"

"Kumayambiriro kwa mwezi."

"Ndiye masiku onsewa n'kumandiuza za mitambo?"

Mayi Sambakunsi adayesa kufotokoza za chipepala, za kumanzere ndi kumanja, koma a Nyaharawa adali atalowa kale m'nyumba kukasaka foni. Adatumiza mawu kwa amuna awo ku Joni, ndipo yankho lidabwera madzi a pamoto asanawire: mukudikira chiyani? Kulankhulana konse pakati pa sukulu ndi banja la zikhalidwe ziwiri kudathera pamenepo, ndipo m'mawa mwake mayi ndi mwana adali oyamba pamzere kuchipatala.

Tiyezge adabwerako ndi magalasi a mafelemu akuda. Tsiku loyamba adayenda pang'onopang'ono, akudabwa ndi zinthu zomwe anzake adazitopa kale. Adazindikira kuti mtengo wa mango uli ndi masamba, lililonse palokha, kuti bolodi la m'kalasi mwawo lili ndi mng'alu, komanso kuti aphunzitsi ake ali ndi mpata wokongola pakati pa mano. Sabata isanathe, amene ankamuseka aja ndiwo adayamba kusuzumira m'kope lake.

Koma mudzi udaona zina. M'mudzimo magalasi ankavala anthu owerengeka: abusa, alangizi a zaulimi, ndi ahedi, omwe awo adagula pamsika ndipo ankawavala pamisonkhano pokha. Palibe adaonapo munthu wa magalasi akupirikitsa mbalame. Choncho pamjigo padamveka kuti mwana wa a Nyaharawa adzakhala namwino. Pofika kuchigayo adali atakwezedwa kukhala dokotala. Nkhaniyo powoloka mtsinje idati azungu amusankha pakati pa ana onse a m'boma, ndipo pokwera kumapiri idawonjezera kuti apita naye kunja pa ndege, komanso kuti mwini mwanayo adzalandira galimoto.

Lolemba lotsatira, belu lisanalire, njinga ziwiri zidalowa pabwalo la sukulu, ina yochokera kutsidya kwa mtsinje, ina kumapiri, iliyonse ndi anthu oiperekeza. A Harawa adabweretsa yunifolomu yomwe adasoka okha ndi manja awo achikondi: malaya ndi kabudula. A Zakeyu adamangirira mwendo wa mbuzi pakaliyala. Aliyense adabwera kudzatenga mwana wake kuti azikakhala naye, amulere mwadongosolo mpaka ndege ibwere.

Ahedi adavala magalasi awo, adatulutsa mipando yonse ya mu ofesi, adakhomanso chipepala pathunthu la mango. A Nyaharawa atamva adathamanga kuchokera kumunda matope ali m'miyendo, koma poti pa chipepala padalibe malo awo, pamipando padalibenso. Adaima kumbuyo kwa gulu, mtima uli m'mwamba, pakuti adadziwa kuti amuna akakhala pamipando n'kuyamba kutchula mwambo, mwana amatha kuchoka pakhomo amayi ake akuyang'ana.

A Harawa ndiwo adayamba.

"Ine, ahedi, ndine munthu wolemekeza chikhalidwe cha anzanga. Alamu angawa ndi Achewa. Kwawo mwana ndi wa malume. Ine ndine ndani kuti ndiphwanye mwambo wawo wokongolawu? Ndiye ndabwera kudzasenza udindo wanga. Za ng'ombe ija musaziwerengere, idafa isanazolowere khola."

A Zakeyu adaimirira, dzanja lili pachifuwa.

"Ayi, alamu, musadzichepetse. Ng'ombe ndi ng'ombe, ngakhale itsokomole. Ife tidalowa m'banja la kumpoto maso ali poyera, ndipo mwambo wanu timaulemekeza kuposa wathu womwe. Mwana ndi wa eni ng'ombe. Mudanena nokha."

"Inunso mudanena nokha kuti ndi wa malume!"

Mlangizi Wamkulu adavula magalasi n'kupukuta misozi. Pa moyo wawo wonse adali asanaonepo mitundu iwiri ikulemekezana chonchi, aliyense akukakamira mwambo wa mnzake mpaka mitsempha kutuluka m'khosi. Adauza gulu kuti izi ndizo zipatso za wekishopu, ndipo ngakhale panali mphunzitsi wina yemwe adadumpha bwalo mopanda chilolezo, nkhani yake adzaiona pambuyo. Koma mlandu udafunika kugamulidwa, ndipo dzuwa linkakwera. Pamapeto pake nzeru zidawafikira.

"Mwanayu tsopano ali ndi maso atsopano. Abwere, aone yekha, atilozere mwini wake."

Amuna awiri aja adavomera msanga, aliyense akukonza kolala. Tiyezge adatuluka m'kalasi, adagwada monga mwana woleredwa bwino, adakankhira magalasi ake m'mwamba ndi chala. Adayang'ana a Harawa kuyambira ku chipewa mpaka ku nsapato. Adayang'ana a Zakeyu chimodzimodzi. Adayang'ananso kabudula uja kwa kanthawi.

"Usaope, mwanawe," adatero ahedi. "Ukuona bwino?"

"Ndikuona bwinobwino, ahedi. Ndikuona amayi anga kumbuyoko, ndikuona aphunzitsi, ndikuonanso batani la jekete lanu latsala pang'ono kuthothoka. Koma abambo awiriwa sindinawaonepo."

Wina kumbuyo adatsokomola mokayikitsa, ndipo amayi angapo adaphimba pakamwa ndi zitenje. A Harawa adayang'ana a Zakeyu, a Zakeyu adayang'ana a Harawa, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire ukwati uja, mabanja awiriwa adagwirizana chimodzi.

"Magalasiwa ndi achinyengo," adatero a Harawa.

"Achinyengo enieni," adavomereza a Zakeyu. "Magalasi anji osaona magazi ake omwe? Amuwononga maso mwana wathu. Abwezedwe, akamupatse ena!"

Ahedi adapempha gulu kuti liwombe m'manja chifukwa cha kumvana kwa mitundu komwe kudachitika pamaso pawo, ndipo gululo lidawomba, pakuti linkafuna pobisira kuseka. M'manja mutatha, Mayi Sambakunsi adasendera kutsogolo, adagwada, adawomba m'manja katatu mwaulemu wonse wa ku wekishopu.

"Zikomo, eni mwana. Ngati magalasiwa ali olakwika, mawu anu ndi omveka. Koma madokotala aja adapita. Okonza magalasi ali kuchipatala chachikulu cha mumzinda, ulendo wosinthira mabasi, ndipo mzere wake anthu amanyamulira mphasa ndi kamba. Ndiye tingomva kwa inu: mwini mwana ndi uti, kuti anyamuke naye mawa?"

A Harawa adayang'ana kabudula ali m'manja mwawo ngati akumuona koyamba, n'kuyamba kumupinda.

"Alamu," adatero ndi mawu ofatsa, "ndaganizanso. Mwalankhula zoona. Ng'ombe ndi ng'ombe."

"Ayi, ayi, alamu," adayankha a Zakeyu akulimbitsa chingwe cha mwendo wa mbuzi pakaliyala, "kamene kaja kadali kotsokomola. Malume ndi malume. Sindingakulandeni."

Adagwirana chanza ndi manja awiri, adathokoza ahedi, adathokoza aphunzitsi chifukwa chokonda ana, adakumbukira kuti wina wasiya makasitomala pakhonde ndipo wina wasiya moto pachiwaya. Anthu owaperekeza aja adachita kuthamangira kuti asasiyidwe. Mlangizi Wamkulu adatsala ataima pafupi ndi chipepala chawo, cholembera chili m'manja, osadziwa kuti dzina alisunthire kuti.

A Nyaharawa adadutsa pakati pa mipando yopanda anthu, adamudzutsa mwana wawo, adamusasa fumbi m'maondo, n'kumugwira dzanja mwamphamvu kuposa momwe zinkafunikira. Tiyezge adakankhiranso magalasi m'mwamba, akuyang'ana msewu wotsata ngalande, komwe njinga ziwiri zinkachepa mofulumira.

"Amayi, magalasiwa ndi abwinobwino," adatero. "Afika pa mkuyu paja, koma ndikuwaonabe. Palibe ndi mmodzi yemwe amene wacheuka."